Kulankhula Kogwira Mtima pa Bwalo

M'midzi yathu ino ya kunsi kwa mapiri, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mtakataka, munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba sakhala nthawi yaitali osaitanidwa kuti alankhule. Lero ndi pa maliro, mawa pa msonkhano wa makolo ku sukulu, mkuja pa bwalo la amfumu kapena pa Mphakati. Anthu amati: "Uyu adapita ku sukulu, atinenere ndiye." Tsono munthu uja aimirira, nayamba kulankhula, dzuwa n'kupendeka, mthunzi wa mtengo n'kuchoka pamene udali, anthu n'kuomba m'manja nabalalika, ndipo m'mawa mwake zinthu zonse zili monga zidaliri dzulo. Kodi chidasowa n'chiyani? Mawu adalipo ambiri, ndipo ena mwa iwo adali oona. Chidasowa ndi luso lofikitsa mawuwo mumtima mwa womva, kuti asinthe maganizo ake, nachite chinthu chimene sakadachita.

Luso limeneli liphunziridwa monga kusoka ukonde kapena kusema mtondo. Wina abadwa ndi pakamwa popepuka, inde, koma pakamwa popepuka pokha sipawina mlandu. Ndipo kuti tisalankhule za m'malere, titenga nkhani imodzi yolemera imene dera lathu liidziwa bwino: nkhani ya mwana wamkazi wa zaka 14 kapena 15 amene akulu ake afuna kumchotsa pa sukulu kuti akwatiwe, ndi munthu amene aimirira kuti amlanditse, wopanda chida china koma mawu okha.

Asanatsegule pakamwa

Kale ku dziko la Greece kudali munthu wanzeru dzina lake Aristotle, amene adakhala ndi moyo zaka zoposa 300 Ambuye asanabadwe. Iye adasanthula malankhulidwe a pa mabwalo a kwawo, napeza kuti zinthu zokopa womva ndi zitatu: khalidwe la wolankhulayo, kukhudzidwa kwa mtima wa womva, ndi zifukwa zimene zaperekedwa. Makolo athu sadawerenge buku lake, koma adadziwa zomwezi, ndipo choyamba chija adachiika patsogolo. Pa bwalo, munthu asanatsegule pakamwa anthu atha kale kumuyesa. Adziwa ngati adabweza ngongole ya mnzake, adziwa ngati amafika pa maliro a ena, adziwa ana ake momwe akhalira. Munthu amene adakwatitsa mwana wake wamng'ono chaka chatha sangaimirire lero kudzudzula mnzake. Asanathe mawu atatu wina kumbuyo atsokomola, ena n'kuyang'anana, ndipo nkhani yake yathera pomwepo.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. Inkosi Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi zaka 27 pa sukulu yaukachenjede ku Zomba, kufikira m'chaka cha 2003 pamene adawaitana kudzalowa ufumu kuno kwawo. Atafika adaona ana aakazi a zaka 12 atabereka makanda awo kumsana. Sadayambe ndi kulamula ali pampando ayi. Adayenda m'midzi, khomo ndi khomo, nakhala pansi ndi makolo, mafumu aang'ono ndi atsogoleri a mipingo. Ambiri adakana kumva, ndipo ena adafika powaopseza kuti awapha. Koma iwo sadabwerere m'mbuyo, ndipo ana ena amene adabwerera ku sukulu adawalipirira okha kapena kuwapezera owathandiza. Pamenepo anthu adaona kuti mawu ndi manja zikuyenda pamodzi. Pambuyo pake mafumu 50 a pansi pawo adasaina pangano lothetsa maukwati a ana. Anayi amene sadasunge panganolo adawaimitsa pa ufumu kufikira atakonza zinthu m'midzi mwawo. Pofika chaka cha 2016 maukwati oposa 850 adali atathetsedwa. Inkosiyi idamwalira m'chaka cha 2025.

Wina adzati: "Amenewo adali ndi mphamvu yaufumu, ine ndilibe mfumu yoti ndiichotse." Zoona. Koma taonani kuti mphamvuyo idadza pambuyo. Ntchito yoyamba idali ya miyendo ndi ya makutu, ndipo imeneyo aliyense wa ife angathe kuichita.

Kudziwa amene akumva

Msodzi wa ku nyanja saponya mbedza asanaganize nsomba imene afuna. Nyambo ya kampango si ya nsomba iliyonse, ndipo usipa saugwira ndi mbedza konse. Chomwechonso wolankhula. Musanalembe liwu limodzi, funsani: kodi pa bwaloli mwini kugamula ndani? M'mabanja ambiri kuno mawu otsiriza pa za mwana wamkazi sali kwa bambo womubereka, koma kwa atsibweni, eni mbumba. Kumbuyo kwa atsibweni kuli agogo aakazi, amene sangalankhule pa bwalo koma alankhula usiku kunyumba, ndipo mawu awo a usikuwo alemera koposa anu a masana. Kulinso anamkungwi, amene adamlanga mwanayo atatha msinkhu. Wolankhula amene ayang'ana amfumu okha, naiwala amayi akhala pa mphasa kumbali aja, walima munda wa eni ake.

Mukadziwa amene akumva, funani kudziwa chimene aopa. Apa ndi pamene ophunzira ambiri aphonya, pakuti ayesa kuti makolo okwatitsa mwana ndi anthu oipa mtima kapena opanda nzeru. Kawirikawiri si choncho. Alipo amene nkhokwe yawo idatha mwezi wa Novembala, ndipo aona kuti mkamwini adzawonjezera khasu m'munda, kapena kuti pakamwa pamodzi pachepa pa nsima. Alipo amene alephera kugula yunifolomu, makope ndi sopo, ngakhale kuti sukulu ya pulayimale idakhala yaulere kuyambira 1994. Alipo amene mwana wawo ali kale ndi pakati, ndipo chowawawa ndi manyazi. Mantha amenewa ndi enieni. Mukapanda kuwatchula, omva adzawanena okha mumtima nthawi yonse imene mukulankhula, ndipo makutu awo adzakhala kwa mawu a mumtimawo, osati kwa inu. Atchuleni inu poyamba, mwaulemu, ndipo muwanene bwino koposa momwe eni ake akadawanenera. Munthu akamva nkhawa yake ikutuluka pakamwa pa amene amamuyesa mdani, mapewa ake amatsika.

Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba aimirira nati: "Inu anthu a mudzi uno simudziwa ubwino wa sukulu, mukugulitsa ana anu ngati mbuzi pa msika wa ku Golomoti." Mwina m'mawu akewo muli choona pang'ono, koma watseka zitseko zonse ndi dzanja lake. Atsibweni aja tsopano sangathe kuvomera ngakhale atafuna, pakuti kuvomera kudzakhala kuvomera kuti iwo ndi ogulitsa ana, pamaso pa mudzi wonse. Wachiwiri ayamba waomba m'manja, napempha malo kwa amfumu kudzera mwa nduna yawo monga mwa mwambo, nati: "Zikomo amfumu, zikomo atsibweni, ndi inu amayi amene mudamlera mwanayu. Ine sindidadze kudzaphunzitsa akulu kulera. Mwanayu mwamfikitsa pano ndinu, m'zaka za njala zomwe. Ndidziwa kuti chaka chino chimanga sichidachite bwino, ndipo ndidziwa kuti makope sagulidwa ndi mawu. Ndadza ndi pempho limodzi lokha, ndipo ndikalinena ndikhala pansi." Munthu ameneyu sadanenebe chimene afuna, koma wasiyira atsibweni njira yoti atulukire ali ndi ulemu wawo. Popanda njira yotere palibe mkulu amene asintha maganizo pagulu.

Tisanapitirire tichenjeze chinthu chimodzi. Fanizo la nyambo lija lisatisokeretse: msodzi anyenga nsomba kuti aidye, koma wolankhula woona safuna kudya omva ake. Kuyamika akulu pa zimene adachitadi ndi ulemu. Kuwayamika pa zimene sadachite ndi kusyasyalika, ndipo akulu a m'mudzi amakununkhiza msanga. Amene anamiza bwalo kamodzi, ngakhale pa nkhani yabwino, adzalipira pa milandu yonse yotsatira.

Nkhani imodzi, ndi kalembedwe kake

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Wolankhula amene wapatsidwa mpata amafuna kunena zonse zimene zidamuwawa chaka chathunthu: za ukwati wa mwanayo, za mowa, za mitengo yotha m'phiri chifukwa cha makala, za mjigo wowonongeka. Zonsezo ndi nkhani, koma si za lero. Tengani pepala, mulembe pamwamba pake chiganizo chimodzi chonena chimene mufuna kuti anthu achite mukakhala pansi. Musalembe kuti "anthu adziwe ubwino wa maphunziro," pakuti chimenecho palibe angachione ndi maso. Lembani kuti "mwanayu abwerere ku sukulu Lolemba." Ngati chiganizocho chikukanika kulembeka, simunakonzeke kulankhula, pitani mukaganizenso.

Pansi pa chiganizocho lembani zifukwa zonse zimene muli nazo, kenaka mufafanize zofooka. Zitsale ziwiri kapena zitatu. Ambiri achita chisoni kutaya chifukwa chimene adachivutikira, koma chifukwa chofooka ndicho chimene wotsutsa adzachigwira, nachigwetsa, anthu n'kuyesa kuti zonse zagwa. Mtolo wa nkhuni umasuka pa luzi lowola. Chifukwa champhamvu koposa chisungeni kumapeto, china champhamvu chikhale poyamba.

Mukatha kulemba zonse, pitani kuseri kwa nyumba kapena kumunda, muwerenge mokweza. Khutu ligwira zimene diso lilekerera. Chiganizo chimene chikutherani mpweya musanachimalize, chiduleni pawiri. Liwu limene agogo anu sangalimve, lichotseni. Pali matenda ena a ife ophunzira, othira Chingerezi m'chiganizo chilichonse kuti anthu adziwe kuti tidapita patali. Anthu adziwadi, koma adziwanso kuti sitikulankhula ndi iwo. Kadinala Charles Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha White Fathers ku Algiers m'chaka cha 1868, adalamula ansembe ake kuti aphunzire chilankhulo cha anthu amene apitako ndi kulankhula nawo m'chilankhulo chomwecho. Ndipo amene adafika pano pa Mua m'chaka cha 1902 adayamba ndi ntchito imeneyo. Ngati mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu adathyola lilime lake kuti amveke kwa makolo athu, nanga ife eni chilankhulo tidzachithawiranji?

Tsiku la bwalo pepala lalikulu lija lisiyeni kunyumba. Munthu wowerenga pepala maso ake ali pansi, ndipo anthu amati mawuwo si ake, wachita kulemberedwa. Tengani kapepala kokwana m'dzanja, kokhala ndi mawu anayi kapena asanu okukumbutsani njira. Koma mawu oyamba ndi otsiriza muwadziwe pamtima.

Fanizo, nthano ndi mwambi

Pali nkhani zimene sizinenedwa molunjika kwa munthu wamkulu. M'buku lachiwiri la Samuele, mutu 12, tiwerenga za mneneri Natani, amene adatumidwa kukadzudzula mfumu Davide atatenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwamunayo ku nkhondo. Natani akadalowa ndi chala chotosa, mwina sakadatuluka wamoyo. Iye adadza ngati wotula mlandu wa anthu ena: munthu wolemera wa ziweto zambiri adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka, kamene mwini wake adakalera m'nyumba ngati mwana, nakaphera mlendo. Davide adapsa mtima, nagamula kuti wolemerayo ayenera chilango chachikulu. Pamenepo ndi pamene Natani adamuululira kuti wolemerayo sadali wina koma mfumu yomwe. Taonani nzeru yake: chigamulo chidatuluka pakamwa pa wolakwa mwini, ndipo munthu sangathe kukana mlandu umene waugamula yekha.

Makolo athu adali akatswiri a njira imeneyi. Nthano za Kalulu ndi Fisi sizidali zogonekera ana kokha; zidali njira yonenera wamphamvu zoona popanda kutchula dzina lake. Tsono pa nkhani yathu ija, wolankhula angathe kufunsa bwalo: "Akuluakulu, munthu akadzala mango pakhomo, nauthirira zaka zambiri, kodi chaka chimene wayamba maluwa ndicho chaka choudula kuti apeze nkhuni za tsiku limodzi?" Asiye anthu ayankhe okha. Asafulumire kumasulira, akulu amva kale, ndipo kumasulira fanizo loonekeratu ndi kuwayesa ana. Fanizo litengedwe ku zinthu zimene omva azigwira ndi manja: munda wa thonje, bwato, nkhokwe, mtsinje wa Nadzipokwe ukadzaza. Fanizo la sitima za m'madzi a kutali kapena la chipale chofewa lisiyireni eni ake.

Za miyambi tinene mosamala, pakuti ambiri aikonda mopitirira. Mwambi ndi mchere: pang'ono ukometsa ndiwo, wambiri uziwononga. Mphamvu yake ndi yakuti si mawu anu. Mukati "nkhuyu zodya mwana zidapota akulu," simuli inu nokha amene mukulankhula, koma makolo onse amene adapita, ndipo atsibweni akumbukira kuti ukwatiwo ukadzavuta, mwanayo adzabwerera pakhomo pawo pomwe ndi makanda awiri. Koma dziwani kuti wotsutsa nayenso ali ndi thumba lake la miyambi. Adzakuyankhani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kutanthauza kuti mwamuna amene wapezeka lero aposa ntchito ya mtsogolo imene palibe waiona. Mukadalira mwambi wokha, bwalo lisanduka mpikisano wa miyambi, anthu n'kusangalala, mwana uja n'kuiwalika. Chifukwa chake mwambi udze pambuyo pa chifukwa, kudzachikhomera, monga chikhomo chidza pambuyo pa muyeso wa malire. Ndipo mwambi umene simudziwa bwino tanthauzo lake musaugwiritse ntchito pamaso pa nkhalamba.

Zifukwa zogwirika

Mtima ukakhudzidwa popanda chifukwa chogwirika, uzizira usiku womwewo. Wolankhula akhale ndi zinthu zoona zimene wina sangazigwedeze. Pa nkhani yathu zilipo. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko, kuchotsa mpata umene udalola ana ochepera zaka zimenezi kukwatiwa makolo akavomera. Kuyambira 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere ku sukulu. Tsono mawu akuti "wachimwa kale, sukulu yatha" alibenso maziko. Ndipo pali chifukwa cha thupi, chimene amayi achidziwa koposa abambo: mafupa a m'chiuno a mwana wamng'ono sanakhwime, kotero kuti pobereka mwana angathe kukakamira nthawi yaitali, nang'amba njira ya mkodzo, mtsikanayo n'kutsala wodontha usana ndi usiku, matenda amene a chipatala awatcha fistula, ena ataya moyo kumene.

Koma kanenedwe ka zinthu zimenezi kafuna nzeru. Lamulo mukalitulutsa poyamba, limveka ngati chiopsezo, ndipo anthu adzangophunzira kubisa: ukwati udzachitika usiku, mwana n'kutumizidwa kwa achibale kutsidya. Litchuleni pakati, modekha, monga chinthu chimene chiteteza amfumu ndi mudzi wonse ku milandu. Manambala nawonso akhale ochepa. Munthu samva chisoni ndi chikwi; amva chisoni ndi mmodzi. Lavigerie yemwe uja, polalikira zothetsa malonda a akapolo m'chaka cha 1888, ku Paris m'tchalitchi cha Saint-Sulpice, kenaka ku London ndi ku Brussels, sadadalire kuwerenga kokha; adafotokoza zimene amishoni ake adaziona ndi maso m'njira za akapolo za ku nyanja zathu zino, anthu omangidwa m'magoli ndi ofooka osiyidwa panjira, kotero kuti omva a ku Ulaya adaona ngati zili pamaso pawo. Inunso onetsani, musangowerenga. Komatu musatchule dzina la mtsikana wa m'mudzi amene zidamuonekera. Amayi amene ali pa mphasa amkumbukira okha, ndipo inu mulibe ufulu wovula mwana wa eni pagulu kuti mawu anu akome.

Poimirira

Za thupi tinene mwachidule. Imani pamene onse akuonani, dzuwa lisakhale kumbuyo kwanu. Lankhulani kwa munthu amene ali kutali koposa, koma osakuwa. Wokuwa aoneka ngati wakwiya, ndipo anthu ayamba kudziteteza. Mkulu musamloze chala, ndiponso musamyang'anitsitse m'maso monga achitira anthu a maiko ena, pakuti kwathu kuno ndi chipongwe. Yendetsani maso pa anthu onse. Manja akhale omasuka, osati m'thumba.

Chimene tifuna kukhalapo pang'ono ndi kukhala chete. Wolankhula wamantha aopa chete monga mwana aopa mdima, nathira mawu pena paliponse. Koma mawu olemera afuna malo oti agwere. Mukafunsa funso, imani, muwerenge mumtima kufikira zisanu. Mudzamva wina akuti "Eee," wina "Zoona," wina akuusa moyo. Kumbukirani momwe agogo ayambira nthano: iwo akati "Padangotero," ana ayankha "Tili tonse," ndipo ana akaleka kuyankha agogo adziwa kuti agona. Pa bwalo palibe amene adzakuuzani kuti tili tonse, koma zizindikiro zake zilipo: kugwedeza mutu, kung'ung'udza kovomera, amayi kuleka kusenda mtedza. Zimenezi zikatha, anthu ayamba kuyang'ana mbuzi zodutsa, dumphani zotsalazo mupite kumapeto. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno kuchigwa sikulola munthu kumvetsera nthawi yaitali, ngakhale wolankhula akhale mngelo.

Kubwereza mawu kuli ndi malo ake. Chiganizo chanu chachikulu chija chimveke katatu: poyamba, pakati ndi potsiriza, m'mawu omwewo osasintha, kuti mayi akakafika kunyumba athe kuuza mnzake amene sadabwere chimene mudanena. Ngati sangathe kuchibwereza pa chitsime mawa, sichidalowe.

Wina akakudulani mawu kapena kukunyozani, musabweze. Mthokozeni, muyankhe chimene chili choona m'mawu ake, chotsalacho muchisiye. Anthu aona yekha amene wataya mtima. Ndipo funso limene simudziwa yankho lake, nenani kuti mukafunsa kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa a chipatala, ndipo mukafunsedi.

Kumaliza, ndi kudziwa ngati mawu agwira

Ambiri adziwa kuyamba, koma kutera kuwakanika. Azungulira ngati kabawi, nati "potsiriza" kanayi. Mapeto a mawu okopa ndi pempho, ndipo pempholo likhale laling'ono loti munthu angathe kulivomera lero lomwe, lokhala ndi tsiku ndi mayina a ochita. Mwachitsanzo: "Pempho langa ndi ili, atsibweni: ukwatiwu uyambe waima. Lolemba mwanayu apite ku sukulu, ine ndi amayi awiri a m'komiti tidzamperekeza kwa aphunzitsi aakulu. Makope a teremu ino a Mphakati wathu avomera kugula. Teremu ikatha tidzakhalenso pansi pompano, muone nokha zotsatira zake. Zikomo amfumu." Akatero akhale pansi. Koma asalonjeze makope amene sanapangane ndi eni ndalama. Akonze zimenezo dzulo lake. Ndipo ngati n'kotheka akaonane ndi atsibweni paokha bwalo lisanachitike, pakuti mkulu sakonda kudzidzimutsidwa pagulu, ndipo milandu yambiri imene ioneka ngati yathera pa bwalo idathera pakhonde madzulo a dzana.

Nanga tidziwa bwanji kuti mawu agwira? Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene asanatembenuke mtima adali mphunzitsi wa luso lomweli la kulankhula, adatsata Cicero wa ku Rome pophunzitsa kuti wolankhula ali ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kukondweretsa ndi kusuntha mtima; ndipo yachitatuyo ndiyo chigonjetso. Iye mwini asimba zimene zidachitika m'chaka cha 418 mumzinda wa Caesarea wa ku Mauretania, umene lero ndi Cherchell m'dziko la Algeria. Anthu a kumeneko adali ndi mwambo wakale woipa: chaka ndi chaka, pa nyengo yake, mzinda udagawika pawiri, abale ndi abale, atate ndi ana awo, nagendana miyala masiku angapo, ena n'kufa. Augustine adawalankhula ndi mphamvu zake zonse kuti ausiye. Anthu adafuula momuyamika, koma iye sadayese kuti wapindula kanthu, pakuti kufuulako kudangosonyeza kuti amva ndi kukondwera. Ataona misozi m'maso mwawo ndi pamene adakhulupirira kuti mwambowo wagonja, naleka kulankhula nthawi yomweyo. Polemba zimenezi patapita zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo, adati kugendana kuja sikudachitikenso.

Kwathu kuno anthu aomba m'manja mwaulemu kwa aliyense amene walankhula, wanzeru ndi wopusa yemwe, ndipo nthungululu ziimbidwa ngakhale kwa mlendo amene sadamveke. Tsono musawerengere zimenezo. Nthawi zina bwalo limene lagwidwa mtima likhala duu, atsibweni n'kumangojambula pansi ndi kamtengo, nati: "Tamva, tikaganize." Musawakakamize kuyankha pomwepo, paja mawu a akulu akoma akagonera, ndipo anu omwe afuna kugonera. Yankho lenileni mudzaliona Lolemba m'mawa, panjira ya ku sukulu.

Ntchito ya mwezi uno kwa a m'magulu owerenga ndi iyi. Aliyense asankhe nkhani imodzi ya m'mudzi mwake, alembe chiganizo chimodzi cha chimene afuna kuti chichitike, zifukwa ziwiri, nkhawa imodzi ya otsutsa pamodzi ndi yankho lake, ndi fanizo limodzi lotengedwa m'mudzi momwemo. Pokumana, mmodzi alankhule mphindi zisanu wopanda pepala, wina akhale atsibweni namtsutse ndi mtima wonse, osamchitira chifundo. Atatha, afunse munthu amene adakhala kumbuyo kwenikweni kuti anene chimene wapemphedwa kuchita, ndi tsiku lake.